PHUNZIRO KWA OPHUNZIRA A PA YUNIVESITE: NTCHITO YOLANKHULIRA OSOKA ZOVALA NDI OPANGA ZODZOLA

Inu anyamata ndi atsikana amene muli m'sukulu za ukachenjede ndipo mukuphunzira za utolankhani ndi kufalitsa mauthenga, phunziro la ulendo uno ndi lanu. Tidziwa kuti ambiri mwa inu, mukamaganiza za tsiku lotsiriza maphunziro, maso anu amakhala pa nyumba za wailesi, pa nyuzipepala, kapena pa mabungwe aja oyendera galimoto zoyera. Za zovala ndi zodzola mumaziyesa zachibwana, zoyenera munthu amene sukulu idamkanika. Tikupemphani kuti muleze mtima kufikira titatha, pakuti ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake, malamulo ake, ndiponso maenje ake m'mene adagweramo anthu ophunzira kuposa ife.

Zovala si nkhani yaing'ono ayi. Makolo anu akumbukira kuti kuno ku Malawi lamulo la chaka cha 1973 lidaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo lidakhalapo zaka ngati 20. Chinthu chimene boma lichita kuchikhalira pansi ndi kuchilembera lamulo sichingakhale chachibwana.

Kodi ntchitoyo ndi yotani?

Telala adziwa kusoka, wopanga mafuta adziwa kusakaniza, koma kawirikawiri onse awiri sadziwa kulankhula ndi anthu amene sadawaonepo. Pakati pa iwo ndi ogula pamafunika munthu wachitatu, wonga nkhoswe, wotenga mawu kuno ndi kukawatula uko, ndiponso wobwera ndi madandaulo a uko kudzawatula kuno. Ameneyo ndiye tikumutcha wofalitsa mbiri. Ena amalembedwa ntchito ndi kampani imodzi, ena amakhala m'kampani yaokha yotumikira makasitomala ambiri.

Njira zake ndi ziwiri, ndipo musazisokoneze. Pa njira yoyamba kampani igula malo m'nyuzipepala kapena mphindi pa wailesi, ninena zonse zimene ifuna. Kumeneko ndiko kutsatsa malonda. Pa njira yachiwiri wofalitsa apita kwa mkonzi ndi nkhani, osalipira kanthu, ndipo mkonzi ali ndi ufulu woitenga kapena kuiponya m'dengu. Yachiwiriyi ndiyo yovuta, koma ndiyonso imene anthu amaikhulupirira. Mwini mbuzi akamaitama pa msika, tonse timati akufuna ndalama. Koma akaitama munthu wongodutsa, timaima ndi kuiyang'anitsitsa.

Za mayi amene adaona njala ya akonzi

Kuti mumvetse bwino, tiyeni tione mbiri ya mayi wina wa ku America, dzina lake Eleanor Lambert. Adabadwa mu 1903 m'tauni yaing'ono ya Crawfordsville, m'chigawo cha Indiana. Sadali wosoka zovala. Atafika ku New York adayamba ndi kufalitsa mbiri ya akatswiri ojambula ndi ya nyumba zoonetseramo zojambula zawo, ndipo pambuyo pake osoka zovala nawonso adayamba kumfuna.

Masiku amenewo mzinda wa Paris ndiwo unkalamula za fashoni. Akonzi a magazini a ku America ankaoloka nyanja kukaona zimene a ku Paris asoka, ndipo masitolo a ku New York ankangotengera zomwezo. Osoka a ku America adalipo, ena aluso ndithu, koma mayina awo sankamveka; nthawi zambiri pa chovala pankalembedwa dzina la sitolo kapena la fakitale, mwini lusolo ali kuseri. Tsono mu June 1940 asilikali a dziko la Germany adalowa mu Paris, ndipo njira ija idatsekeka. Akonzi adatsala manja ali m'khosi, osadziwa choti aike pa masamba awo a zovala.

Mayi Lambert, amene pa nthawiyo ankalankhulira bungwe la New York Dress Institute, adaona chimene ena sadachione. Mu 1943 adaitana akonzi a nyuzipepala za m'mizinda yosiyanasiyana ya dzikolo kuti abwere ku New York, akhale sabata yathunthu akuona zovala za osoka a kwawo komweko. Pobwerera ankatenga zithunzi ndi mafotokozedwe olembedwa kale, zoti azigwiritsa ntchito miyezi yotsatira. Onani tsono pamene padagona nzeru yake. Iye sadayambe ndi kufunsa kuti, "Kodi osoka anga afuna chiyani?" Adayamba ndi kufunsa kuti, "Kodi mkonzi akusowa chiyani?" Mkonzi adali ndi njala, ndipo iye adamuphikira. Ophunzira ambiri amene tawaona amalephera pomwepa: amapita kwa mkonzi ngati opempha, pamene akadapita ngati munthu wosenza mtanga.

Pali chinthu chimodzi m'mbiri imeneyi chimene sitingachidumphe. Akonzi a kutali aja ankalipiriridwa ulendo ndi eni zovala. Atolankhani a kwathu kuno ali nalo dzina la zotere, amati chipondamthengo, ndipo aliyense adziwa m'mene cholembera chimafewera m'manja mwa munthu amene wadya za eni. Kutumiza galimoto kuti mtolankhani afike pa malo si mlandu. Koma envulopu yoperekedwa kuseri kuti alembe zokoma zokhazokha imaononga onse awiri, woperekayo ndi wolandirayo, ndipo imapha chinthu chomwe chija mumachifuna, ndicho chikhulupiriro cha owerenga.

Sabata ija ya 1943 ndiyo kholo la zionetsero zazikulu za ku New York, ndipo masiku ano mizinda ya New York, London, Milan ndi Paris imachita zionetsero zake motsatizana kawiri pa chaka, kuyambira mu February ndiponso kuyambira mu September. Mayi yemweyo adayambitsa mu 1948 phwando losonkhanitsira ndalama zosamalira zovala zakale ku Metropolitan Museum, limene lero litchedwa Met Gala, ndipo mu 1962 adakhazikitsa bungwe la osoka a ku America. Koma chimene chidamveka koposa chidachitika pa 28 November 1973 ku nyumba yachifumu ya Versailles ku France. Padakonzedwa chionetsero chopezera ndalama zokonzetsera nyumbayo: osoka asanu a ku France, pakati pawo Yves Saint Laurent, Pierre Cardin ndi Hubert de Givenchy, ndi osoka asanu a ku America, pakati pawo Oscar de la Renta, Anne Klein ndi Stephen Burrows, amene adali munthu wakuda. A ku France adatha maola oposa awiri ndi zokongoletsa zambirimbiri pa nsanja. A ku America adatenga ngati theka la ola, pa nsanja yopanda zambiri, ndipo mwa atsikana oonetsa zovala zawo osachepera 10 adali akuda. Kuyenda kwa atsikanawo kudawaimiritsa anthu m'mipando, ndipo kuyambira usiku umenewo palibenso adanena kuti ku America kulibe osoka. Mayi Lambert adamwalira mu 2003 ali ndi zaka 100.

Za tsiku ndi tsiku

Musaganize kuti tsiku loyamba pa ntchito mudzakhala pa mpando wa kutsogolo pa chionetsero. Woyamba kumene amawerenga madiresi. Nyumba yosoka imakhala ndi zovala zachitsanzo zochepa kwambiri, mwina chimodzi chokha cha mtundu uliwonse, ndipo chimenecho chimabwerekedwa kwa ojambula a magazini, kwa woimba wokaonekera pa kanema, kenaka n'kubwerera. Wina ayenera kulemba m'buku kuti chatuluka liti, chili kwa yani, chibwera liti, ndiponso ngati chabwera ndi banga la phoda m'khosi. Winayo ndinu. Mudzasunganso mndandanda wa atolankhani, ndi kudziwa kuti uyu amalemba za tsitsi, uyu za malonda, uyu sayankha lamya m'mawa. Mudzaphunzira kuwerenga nthawi chobwerera m'mbuyo: magazini yaikulu yotuluka pamwezi imakonzedwa miyezi ngati 3 isanatuluke, kotero kuti wofuna kuti zovala zake za Khrisimasi zionekemo ayenera kugogoda mu September.

Chida chanu chachikulu ndi chikalata cha kwa atolankhani. Ndime yoyamba inene kuti ndani, akuchita chiyani, liti, kuti, ndipo polowa ndi ndalama zingati. Ife tidalandirapo chikalata cha masamba awiri chochokera kwa wophunzira wina, chotamanda chionetsero cha zitenje ndi mawu onse okoma amene alipo m'Chingerezi, koma osatchula tsiku lake ngakhale malo ake. Tidachiwerenga kawiri, kuopa kuti mwina maso athu ndiwo akalamba.

Dziwaninso katundu amene mukumlankhulira. Khalani tsiku lathunthu pa khonde la telala, muone m'mene amayezera, mufunse chifukwa chake diresi lina limadya mamita 4 pamene lina lidya 2. Gwirani nsalu, mudziwe ya thonje ndi ya nayiloni. Tembenuzani chitenje: chosindikizidwa ndi phula chimaoneka chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, pamene chotsika mtengo chimakhala chowala mbali imodzi, inayo yotuwa. Kasitomala wanu woyamba mwina sadzakhala kampani ya ku London. Adzakhala mayi wosoka madiresi a zikwati ndi zinkhoswe, amene akulimbana ndi mitengo ya pa kaunjika, kapena gulu lofinya mafuta a malambe. Ndipo ogula ake ambiri amamva Chichewa, amawerenga pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wophunzira wodziwa kulemba Chichewa chokoma ndi cholondola ali ndi chuma chimene anzake ambiri adachitaya pa njira.

Mawu amodzi pa za malipiro. Popeza ntchitoyi imaoneka yonyezimira, achinyamata ambiri amavomera kuigwira ulere, poyembekeza kuti dzina la kampani lidzawatsegulira zitseko. Ku America, mu 2013, achinyamata awiri amene adagwirapo ntchito yophunzirira ku kampani ya Condé Nast, eni ake a magazini ya Vogue, adaisumira chifukwa cha malipiro ochepetsetsa. Kampaniyo idatseka ndondomeko yake ya ophunzirira ntchito, ndipo mu 2014 idavomera kupereka madola 5.8 miliyoni kwa anthu pafupifupi 7,500. Musanayambe, funsani poyera kuti mudzakhala miyezi ingati, mudzaphunzira chiyani, ndipo thiransipoti alipira ndani.

Zimene zidachitika ku South Africa mu 2020

Tsopano tifike pa maenje aja. Mu September 2020 masitolo a Clicks ku South Africa adaika pa intaneti chilengezo cha mankhwala a tsitsi otchedwa TRESemmé, opangidwa ndi kampani ya Unilever. Padali zithunzi zinayi. Tsitsi la akazi akuda lidalembedwa kuti ndi louma, loonongeka, lonyankhalala ndi losawala. Pamene pa chithunzi china cha mkazi wachizungu padalembedwa kuti limenelo ndilo tsitsi labwinobwino.

Mawu ake adali ochepa, osakwana mzere umodzi wa nyuzipepala ino. Koma adagwera m'dziko limene anthu akukumbukirabe kuti m'nthawi ya tsankho akuluakulu a boma ankasomeka pensulo m'tsitsi la munthu pofuna kugamula mtundu wake. Dziko limene zaka 4 zokha m'mbuyomo, mu 2016, atsikana akuda a pa sukulu ya Pretoria High School for Girls adachita zionetsero podandaula kuti akuwakakamiza kuwongola tsitsi lawo lachibadwa. Chipani cha Economic Freedom Fighters chidatsogolera anthu kukatseka masitolowo, ndipo ena adaonongedwa. Clicks idapepesa, idachotsa mankhwalawo m'mashelefu ake, idaimitsa antchito ena, ndipo mkulu wina adatula pansi udindo. Unilever idavomera kuchotsa TRESemmé m'masitolo a m'dzikomo kwa masiku 10.

Funso loti mulisinkhesinkhe ndi ili: kodi chilengezocho chidadutsa m'manja mwa anthu angati chisanatuluke? Wina adachilemba, wina adasankha zithunzi, wina adachivomereza, wina adachiika pa intaneti. Onsewo adali anthu a sukulu. Mwina panalibe ndi mmodzi yemwe amene adaona cholakwa, chifukwa sadadziwe mbiri ya anthu amene ankawalankhula. Kapena adalipo amene adachiona, koma adaopa kutsegula pakamwa pamaso pa bwana. Ife tiyesa kuti chachiwirichi ndicho choopsa koposa kwa inu, popeza mudzayamba muli aang'ono m'chipinda. Paja akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Kampani imakulipirani kuti muitsine khutu chinthu chisanatuluke, osati kuti mudzalembe kalata yopepesa nyumba itapsa kale.

Ndipo kudziwa anthu kumapindulitsanso, sikungoteteza kokha. Mu September 2017 woimba Rihanna adatulutsa zodzola zake za Fenty Beauty, ndi zopaka kumaso za mitundu 40 ya khungu, kuyambira loyera kwambiri kufikira lakuda bii. Akazi akuda amene kwa zaka zambiri ankasowa chowayenera adathamangira, ndipo makampani akale adayamba kuwonjezera mitundu yawo mwamsangamsanga.

Za mafuta oyeretsa khungu

Tsiku lina, ndipo silili kutali, munthu adzabwera kwa inu ndi kabotolo ndi ndalama zabwino, nadzati, "Mundilembere mawu oti anthu agule mafuta awa, amayeretsa khungu m'masiku 7." Ndi bwino kuti yankho lanu mulikonzeretu lero, njala isanakupezeni.

Malonda amenewa adakula chifukwa cha olemba ngati inu. Magazini ya Drum, imene idayamba mu 1951 ku South Africa ndipo inkawerengedwa m'mayiko ambiri a mu Africa, inkadzaza ndi zilengezo za mafuta otere, zosonyeza kuti woyera khungu ndiye apeza ntchito ndi banja. Agogo anu akumbukira dzina la Ambi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena mwa mafutawa amakhala ndi mankhwala a hydroquinone, amene poyamba amayeretsadi, koma akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali, makamaka pa dzuwa lathuli, amasiya mawanga akuda okhakhala m'masaya, ovuta kuchiza. Madokotala a ku Pretoria adalemba za matenda amenewa mu 1975. Ena amakhala ndi mercury, amene amalowa m'thupi kudzera pa khungu ndi kuononga impso ndi mitsempha, ndipo amafika ngakhale kwa mwana wosabadwa. Ena amakhala ndi mankhwala amphamvu a m'chipatala ochizira zotupa za pa khungu, amene munthu akamadzola tsiku ndi tsiku amapepuza khungu mpaka mitsempha kuonekera.

Mu 1990 dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzola. Koma taonani chimene lidachitanso, pakuti chikukhudza inu: lidaletsa otsatsa zodzola kunena kuti katundu wawo amayeretsa khungu. Opanga lamulo adazindikira kuti poizoni sali m'botolo mokha, alinso m'mawu olembedwa pa botolopo. Mayiko ena monga Côte d'Ivoire, Ghana ndi Rwanda adaikanso ziletso zawo m'zaka za pambuyo pa 2010, ndipo pangano la mayiko la Minamata, losainidwa ku Japan mu 2013, limaletsa zodzola za mercury. Mu 2020 Unilever idasintha dzina la mafuta ake a Fair & Lovely kukhala Glow & Lovely; ena adayamika, ena adati asintha chikuto chokha. Ngakhale zili choncho, timabotolo timeneti tikadapezekabe m'misika, ndipo ogulitsa adaphunzira kuzemba: m'malo moti "kuyeretsa" amalemba kuti "kuwalitsa" kapena "kusalaza". Amene amawapezera mawu ozembera amenewa ndi munthu wophunzira za mauthenga.

Sitikunena kuti zodzola zonse ndi zoipa. Mafuta oteteza ku dzuwa ndi moyo weniweni kwa abale athu achialubino; sopo, mafuta a tsitsi, ndi zofewetsa khungu m'nyengo ya chisanu ndi malonda oyenera, ndipo owapanga ayenera kukhala ndi wowalankhulira waluso. Chimene tikunena ndi chakuti musalembe mawu amene simungathe kuwaikira umboni. Funsani kuti m'botolomo muli chiyani, adayesa ndani, ndipo ngati katunduyo ali ndi chizindikiro cha bungwe loona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards kuno kwathu. Dziwaninso kuti kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission, kumene ogula amakadandaula za malonda otsatsidwa monyenga. Chimodzimodzinso mukamalipira munthu wotchuka pa Facebook kapena pa TikTok kuti atame katundu wanu: anene poyera kuti walipidwa. Ku America ndi ku Britain malamulo amatero kumene. Mtsikana wa Fomu 2 amene akumuonera amayesa kuti akumva malangizo a mchemwali wake, pamene akumva mwini mbuzi uja.

Ntchito yoti muchite

Nyuzipepala yotsatira isanatuluke, pitani ku msika kapena ku sitolo ya pafupi ndi sukulu yanu, mutenge m'manja mabotolo atatu a zodzola, mukopere m'kope mawu onse olonjeza amene ali kutsogolo kwake, kenaka mutembenuze ndi kukopera mayina a zimene zili m'katimo, ngati alembapo. Pambali pa lonjezo lililonse mulembe umboni umene mungaufune musanalisaine ndi dzina lanu. Mukatero mupite kwa telala mmodzi amene simumdziwa, mumpemphe ola limodzi, ndipo mumlembere chikalata cha kwa atolankhani cha mawu osapitirira 150, china m'Chichewa china m'Chingerezi. Musanachipereke kwa aphunzitsi anu, mukamuwerengere mwini wakeyo mokweza, ndipo pamene adzakudulani mawu nati, "Ayi, si choncho," pamenepo mukonze.